Maola 9 ku Quanzhou: ndituluke m'bwalo la ndege kapena ndingokhala?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Zomba amene apeza mwayi wa sukulu ku Harbin, kumpoto kwenikweni kwa China. Akuti adzatera ku Guangzhou kumayambiriro kwa Seputembala ndi viza ya ophunzira ya X1, adzagona usiku umodzi, ndipo mawa lake adzakwera ndege ya m'dziko momwemo. Tikiti yotchipa imene anapeza pa Trip.com ikudzera ku Quanzhou, kumene adzafike 10:20 m'mawa n'kudzanyamukanso 7:40 madzulo. Ali ndi masutikesi awiri a makilogalamu 23. Funso lawo ndi ili: "Kodi ndikuloledwa kutuluka m'bwalo la ndege? Ngati ndi choncho ndipite kuti, ndipo nditani kuti ndege isandisiye? Chitchaina sindidziwa ngakhale liwu limodzi."

Achemwali, tulukani. Mwagwera mzinda umene ena amaulipirira ndalama zambiri kuti akauone, ndipo kutha tsiku lonse pa mpando wachitsulo kungakhale kudzimana. Koma maola 9 amenewo ndi a papepala. Enieni amene mudzayende nawo m'tauni ndi 4 ndi theka basi, ndipo kukoma kwake kudzatengera zimene mwakonza musanakwere ndege ku Guangzhou: katundu, foni ndi njira yolipirira. Zitatuzi zikasokonekera, mudzangoima pakhomo la bwalolo osadziwa kolowera.

Za chilolezo musade nkhawa. A imigireshoni mudzakhala mutathana nawo kale ku Guangzhou. Akadinda pasipoti yanu kumeneko ndiye kuti mwalowa m'China, ndipo ulendo wotsalawo uli ngati basi ya Blantyre kupita ku Mzuzu yoima pa Lilongwe: palibe angakuletseni kutsika. Viza ya X1 ndi yolowera kamodzi, koma kuyenda m'misewu ya Quanzhou sikuikhudza. Chimene chingaiphe ndi kutuluka m'dzikomo, kuphatikizapo kupita ku Hong Kong kapena ku Macau, musanalandire chiphaso chokhalira m'dzikomo, chimene muyenera kufunsira pasanathe masiku 30 chilowereni. Pasipoti muziyenda nayo pathupi, osati m'sutikesi, chifukwa lamulo la kumeneko limafuna kuti mlendo akhale nayo nthawi zonse.

Owerenga ena amene ndege yawo ikungodutsa m'China popita dziko lina, ndipo alibe viza, nkhani yawo ndi yosiyana. Mwayi wa maola 240 opanda viza, umene unayamba mu Disembala 2024, ndi wa mayiko osankhidwa, ndipo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe palibe pa mndandandawo. Chotsala ndi chilolezo cha maola 24 cha aliyense amene ali ndi tikiti yotsimikizika yopita dziko lachitatu, koma kuti utuluke kunja kwa bwalo uyenera kupempha a imigireshoni a pamalopo, ndipo atha kukana. Nambala yawo yofunsira ndi 12367 ndipo amayankhanso m'Chingerezi.

Tsopano katundu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Tsegulani uthenga wa tikiti yanu muone ngati ndege ziwirizi zili pa nambala imodzi ya tikiti ya kampani imodzi, kapena ndi matikiti awiri amene angolumikizidwa pogulitsa. Matikiti otsika mtengo okhala ndi mpata wautali chonchi nthawi zambiri amakhala awiri osiyana. Zikatero masutikesi anu adzatsika ku Quanzhou, mudzawatenga pa lamba, ndipo madzulo mudzawaperekanso pa kauntala. Ngakhale tikiti ikhale imodzi, musangoganizira. Funsani pa kauntala ku Guangzhou, kenako muwerenge kapepala kamene amata pa chikwama. Pakalembedwa HRB, katundu akupita yekha mpaka ku Harbin. Pakalembedwa JJN pokha, atsikira ku Quanzhou ndipo ndi mtolo wanu.

Chowawa kwambiri ndi kulemera. Makilogalamu 46 amene mwaloledwa kuchokera ku Lilongwe ndi a tikiti ya kunja ija. Ndege za m'dziko la China kawirikawiri zimalola makilogalamu 20 okha pa tikiti wamba, ndipo makampani otchipa monga Spring Airlines ndi 9 Air, pa matikiti awo otsikitsitsa, sapereka ngakhale kilogalamu imodzi yaulere ya katundu wopita pansi pa ndege. Makampani ambiri amalipiritsa kilogalamu iliyonse yopitirira pa 1.5 peresenti ya mtengo wathunthu wa tikiti wamba pa ulendowo, osati mtengo wochotsera umene munalipira inuyo. Tiyerekeze kuti mtengo wathunthuwo ndi 2,000 yuan. Kilogalamu imodzi ndi 30 yuan, ndipo 26 anu opitirirawo akwana 780 yuan. Matikiti akakhala awiri, mumalipira ku Guangzhou n'kudzalipiranso ku Quanzhou. Apa ndi pamene tikiti yotchipa imasanduka yodula kuposa yolunjika.

Njira yabwino ndi kutumiza sutikesi imodzi pamsewu. Ku hotela ya ku Guangzhou pemphani a pa resepishoni akuitanireni kampani yotumiza katundu, SF Express kapena Deppon. Amabwera pomwepo, amayeza, amakulunga, ndipo mumaonetsa pasipoti chifukwa wotumiza aliyense amalembetsa dzina lake lenileni. Mudzafunika adiresi ya sukulu yolembedwa m'zilembo za Chitchaina ndi nambala ya foni ya ku China ya wolandira, choncho lemberani ofesi ya ophunzira akunja mudakali kumudzi akupatseni zimenezi. Katundu amafika patapita masiku angapo, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa pandege. M'sutikesi yotumizayo muikemo zovala zolemera ndi nsapato. Musaikemo mabatire, mafuta onunkhira, mankhwala amene mumamwa, masatifiketi, kalata yokuitanani ku sukulu ndi fomu yofunsira viza ya ophunzira, ya JW201 kapena JW202. Mapepalawa akhale m'kachikwama ka m'manja, chifukwa polembetsa ku sukulu adzawafuna tsiku loyamba.

Sutikesi yotsalayo ikatsika ku Quanzhou, musayembekezere kuipereka pa kauntala m'mawa womwewo. Mabwalo ang'onoang'ono nthawi zambiri amatsegula kauntala ya ndege yanu kutatsala maola awiri kapena atatu. Funani malo osungitsira katundu, amene chikwangwani chake chimalembedwa 行李寄存. Jambulani zilembozi pa foni ndipo muzionetse kwa aliyense wovala yunifomu. Amaunika chikwamacho pa makina, mumalipira malinga ndi kukula kwake ndi maola, ndipo amakupatsani lisiti. Funsani nthawi yotseka musanachoke, ndipo lisitilo mulijambule, chifukwa kapepala kakang'ono kamasowa mosavuta m'thumba lonyowa ndi thukuta.

Foni ndiyo miyendo yanu tsiku limeneli. Pa intaneti ya m'China, kaya ya simu khadi ya kumeneko kapena wayifayi ya pabwalo, WhatsApp, Facebook, Gmail ndi Google Maps sizitseguka. Zimatseguka ngati mukugwiritsa ntchito simu khadi ya kumudzi pa roaming, koma data yake ndi yodula, kapena eSIM ya apaulendo (simu khadi yosagwirika yoika m'foni kudzera pa intaneti) imene mumagula musananyamuke ngati foni yanu imalola. Wayifayi ya pabwalo imafuna nambala yachinsinsi yobwera pa SMS, ndipo si nthawi zonse imafika pa nambala yakunja, ndiye musaidalire. Ngati tsiku lanu la ku Guangzhou lili ndi mpata, lowani m'shopu ya China Mobile kapena China Unicom ndi pasipoti mugule simu khadi. Idzagwira ntchito dziko lonse mpaka ku Harbin, ndipo madalaivala amatha kukuimbirani.

Mudakali kumudzi, pamene nambala yanu ikulandira SMS bwinobwino, ikani Alipay ndi WeChat, mapulogalamu olipirira pa foni (WeChat ndi yotumiziranso mauthenga), mulembetse, muike pasipoti ndi khadi la kubanki la Visa kapena Mastercard. Ikaninso mapu a Amap, amene tsopano ali ndi Chingerezi. Pa iPhone mapu a Apple amagwira bwino. Google Maps ngakhale itatseguka imakuonetsani pamalo polakwika ndi mamita mazana angapo, ndipo zambiri za m'misewu ndi zakale. Koperani Chitchaina mu pulogalamu yomasulira kuti izigwira popanda intaneti. Wachibale mmodzi kumudzi aikenso WeChat, kuti WhatsApp ikakhala zii anthu asayambe kuganiza zoipa. China ili patsogolo ndi maola 6: pamene mukudya nkhomaliro ku Quanzhou, kumudzi kwangocha kumene.

Pawabanki yanu iyang'aneni lero. Kuyambira pa 28 Juni 2025, ndege za m'dziko la China sizilola pawabanki yopanda chizindikiro cha CCC, chosonyeza kuti inavomerezedwa ku China, chooneka bwino, ndipo zambiri zogula m'misika yathu zilibe. Adzakulandani ku Guangzhou komweko pa malo ounika, n'kufika ku Quanzhou ndi batire lokhalo la foni. Gulani ina ku Guangzhou yokhala ndi chizindikirocho. Isapitirire 100 Wh, ndipo ya 20,000 mAh ili pafupifupi 74 Wh, choncho ilibe vuto. Iziyenda m'chikwama cha m'manja, osati pansi pa ndege. Pulagi yathu ya mano atatu amakona silowa m'masoketi ambiri a kumeneko, ndiye adaputa nayo ikhale pafupi.

Pa ndalama, pafupifupi aliyense kumeneko, ngakhale wogulitsa zipatso pa njinga, amalandira kudzera pa QR code. Ndi khadi lakunja, kulipira kosapitirira 200 yuan pa Alipay kapena WeChat sikudulidwa kanthu, ndipo kopitirira apo amaonjezera 3 peresenti. Vuto kwa ife ndi loti makadi a mabanki a kumudzi ali ndi malire pa ndalama zakunja, ndipo khadi litha kukana pa nthawi yoipa. Pitani kubanki musananyamuke mukawauze kuti mukupita ku China ndipo mufunse malire anu. Kenako mukhale ndi ndalama zamapepala zokwana 300 kapena 400 yuan, zambiri zikhale za 10 ndi za 20. Ndalama zamapepala zimalandiridwa, koma ogulitsa ambiri sasunga chenje, ndiye pepala la 100 pogula supu limabweretsa chisokonezo. Kwacha sasintha kumeneko. Madola sinthani ku Guangzhou, osati kudzataya ola lanu la ku Quanzhou pa mzere wa kubanki.

Tiwerengere nthawi chammbuyo, kuyambira pa ndege ya 7:40. Makauntala amatseka kutatsala mphindi 30 mpaka 45, kutengera bwalo ndi kampani, ndipo akatseka atseka. Makina odzithandiza wekha nthawi zambiri amakana pasipoti yakunja, ndiye mudzaima pa mzere wa kauntala ya munthu, mutatenga kaye sutikesi kosungitsa kuja. Choncho 5:30 ikupezeni muli kale m'bwalo. Bwalo la Quanzhou Jinjiang lili pafupi makilomita 12 kumwera kwa pakati pa mzinda, ulendo wa mphindi 30 mpaka 40 pa galimoto, koma kuyambira cha m'ma 5 koloko anthu akuweruka ndipo milatho yowoloka mtsinje wa Jin imadzaza. Muyenera kukhala m'galimoto yobwerera pofika 4:30. Ikani alamu ya 4:10 pa foni musanatuluke n'komwe m'bwalo. Kumbali ya m'mawa, ndege ikatera 10:20 mudzatenga katundu cha m'ma 11, mudzasungitsa, ndipo mudzafika m'tauni cha m'ma 12. Maola 4 ndi theka aja ndi amenewo.

Quanzhou ilibe sitima ya pansi pa nthaka, ndipo mabasi, ngakhale ndi otchipa, amafuna munthu wodziwa kuwerenga maina a masiteji. Itanani galimoto pa DiDi, imene imapezeka m'kati mwa Alipay momwemo ndipo ili ndi Chingerezi. Lembani kopita kuti 泉州西街, umene ndi msewu wa Xijie kapena West Street. Pulogalamuyo imaonetsa mtengo musanavomere, ndipo nthawi yabwinobwino sufika 50 yuan. Yang'anani nambala ya galimoto ifanane ndi ya pa foni. Dalaivala adzanena mawu amene simudzawamva; akufunsa manambala anayi omaliza a foni yanu, ndiye ingomuonetsani. Akakuimbirani, musavutike kuyankha, mutumizireni uthenga m'pulogalamu momwemo chifukwa imamasulira yokha. DiDi ikakanika, pitani pa mzere wa matakisi ovomerezeka, muone kuti mita yayatsidwa, ndipo potsika mutenge lisiti lotchedwa fapiao, limene lili ndi nambala ya galimoto ngati mwaiwalamo kanthu. Anthu okutsatirani pakhomo n'kumati takisi, takisi, apitirireni. Alibe mita ndipo mtengo umasintha mukafika.

Quanzhou ndi mzinda waung'ono m'kayezedwe ka ku China kokha, chifukwa dera lonse la Quanzhou lili ndi anthu oposa 8 miliyoni. Koma tauni yakale ndi yaing'ono ndithu ndipo imayendeka wapansi. M'nthawi ya mafumu a Song ndi Yuan, m'zaka za m'ma 900 mpaka m'ma 1300, linali limodzi mwa madoko akuluakulu pa dziko lonse, limene Aluya ankalitcha Zaitun. Marco Polo analemba za dokoli, ndipo Ibn Battuta, yemwe uja anafikanso ku Kilwa ku gombe la kum'mawa kwa Africa, anaimapo m'zaka za m'ma 1340. Mu 2021 UNESCO inaika malo 22 a ku Quanzhou pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Musayese kuona onse. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mlatho wa Luoyang ndi wa Anping ndi yokongola koma ili kutali, ndipo idzakudyerani nthawi mumsewu. Tengani njira imodzi ya pafupifupi makilomita 2 imene tikupatseni apa.

Yambirani pa kachisi wa Kaiyuan, amene ali pa West Street pomwepo. Mbali ya msewuwu salola galimoto masana, ndiye dalaivala adzakutsitsani chakufupi ndipo mudzamaliza wapansi. Kulowa ndi kwaulere. Kachisiyu anakhazikitsidwa mu 686, ndipo chimene muyenera kuona ndi nsanja ziwiri za miyala, ya kum'mawa ya mamita pafupifupi 48 ndi ya kumadzulo yofupikirako pang'ono, zomangidwa m'zaka za m'ma 1200. Ndi zamiyala yokhayokha koma zinasemedwa ngati zamatabwa, ndipo zapirira zivomezi ndi anamondwe zaka pafupifupi 800. Kukwera salola. Zungulirani pansi pake muone zithunzi zosemedwa pa miyala. Kuseri kwa nyumba yaikulu yopembedzeramo kuli mizati iwiri yokhala ndi zosema za chipembedzo cha Chihindu, yochokera ku kachisi wa amalonda a ku India amene ankakhala mumzindawu. Ambiri amaidutsa osaiona. Awa ndi malo opembedzera enieni, ndiye lankhulani motsitsa mawu, musaponde pa chitsa cha pakhomo polowa, ndipo m'kati mwa nyumba zopembedzera musajambule. Mphindi 50 zikwana, ndipo mitengo ikuluikulu ya pabwalo ili ndi mthunzi wabwino.

Mukatuluka, yendani chakum'mawa m'West Street mpaka pa nsanja yoyera ya wotchi imene ili pa mphambano. Njira yonseyi ndi ya zakudya, ndipo nkhomaliro mudye pamenepa. Chotchuka ndi mianxianhu, 面线糊, supu yokhuthala ngati phala ya tizingwe ta ufa wa tirigu topyapyala kwambiri. Mumaloza nokha zoikamo, monga dzira, nkhanu za m'nyanja kapena nyama, ndipo amadyera limodzi ndi youtiao, chinthu chachitali chokazinga chonga mandasi osatsekemera. Palinso supu ya ng'ombe ndi mpunga wake, ndi bakha wophikidwa ndi jinja wambiri mumphika wadothi. Rouzong ndi mpunga womata wokulunga m'masamba a nsungwi, koma muli nkhumba. Tusundong, chooneka ngati jeli woyera m'timbale, ndi cha nyongolotsi za m'matope a m'nyanja. Eni ake amachikonda, koma pa tsiku limene mukwerenso ndege maola anayi si nthawi yoyesa mimba.

Ngati simudya nkhumba, samalani, chifukwa imabisala m'misuzi ndi m'mafuta ophikira ngakhale pamene nyama sikuoneka. Onetsani mawu akuti 不要猪肉, kutanthauza kuti musaikemo nkhumba, koma chodalirika ndi kufuna malo olembedwa 清真, amene ndi a halaal. Ambiri mwa malo amenewa amagulitsa ma noodles a ng'ombe a ku Lanzhou ndipo amakhala ndi zithunzi pakhoma zoti mungoloza. Madzi a pampopi musamwe. Gulani a m'botolo. Mutenge tishu yanu, chifukwa zimbudzi zambiri za anthu onse ndi zonjuta ndipo mulibe pepala.

Pa nsanja ya wotchi khotani kumwera mulowe mu Zhongshan Road. Nyumba za mumsewuwu zili ndi makhonde olumikizana, choncho mumayenda mumthunzi, chinthu chofunika kwambiri mu Seputembala pamene kutentha kumadutsa madigiri 30 ndipo mpweya ndi wonyowa ngati wa kunyanja mu Novembala. Mukafika pa Tumen Street khotani kum'mawa. Pamenepo pali mzikiti wa Qingjing wa mu 1009, umodzi mwa mizikiti yakale kwambiri m'China. Chipata chake chachitali ndi chamiyala, ndipo holo yakale yopempherera ilibe denga. Kwatsala makoma okhala ndi mavesi a Korani osemedwa m'Chiarabu ndi zitsa za mizati pa udzu. Pali holo ina yatsopano imene Asilamu amapempheramo lero. Valani moyenera, mapewa ndi mawondo zisaoneke, ndipo chitenje m'chikwama chidzakuthandizani. Mukayenda pang'ono kupitirira mzikitiwo mupeza kachisi wa Guandi, wa denga lodzaza ndi zinjoka zamitundumitundu ndi utsi wa lubani, kumene amalonda amabwera kudzapempha mwayi. Zipembedzo zimenezi zakhala moyandikana mumsewu umodzi kwa zaka mazana, ndipo ndicho chinthu chimene Quanzhou ingakuonetseni kuposa mizinda ikuluikulu. Galimoto yobwerera muitanire pa Tumen Street pomwepo, ndi posavuta kuposa ku West Street. Kopita lembani 晋江机场, limene ndi bwalo la ndege lija.

Anthu adzakuyang'anani, ena adzafuna kujambulitsa nanu, ana adzaloza. Ku Guangzhou anazolowera anthu akuda, kuno osati kwambiri. Nthawi zambiri ndi chidwi chabe, koma simukakamizidwa kuvomera. Kugwedeza dzanja n'kupitirira kumamveka bwino. Apolisi nambala yawo ndi 110, ambulansi 120.

Ndege ya m'mawa ikachedwa n'kutera itadutsa 1 koloko, kapena ngati thupi latopa ndi ulendo wautali wochokera kumudzi, tauni yakale ija isiyeni. Pafupi ndi bwalo, ulendo wa mphindi 10 kapena 15 pa galimoto, pali Wudianshi, 五店市, dera la nyumba zakale za njerwa zofiira zokhala ndi madenga opindikira m'mwamba ngati mchira wa namzeze. Kulowa ndi kwaulere, muli malo odyera ndi omwera tiyi, ndipo simuwoloka mtsinje, choncho mutha kukhalako mpaka 5 koloko. Jinjiang, tauni imene kuli bwaloli, ndi kwawo kwa mafakitale a nsapato monga Anta ndi 361°, koma ndi sikelo imene ikukudikirani madzulo, kugula nsapato kudikire tsiku lina.

Mukafuna kugona basi, mahotela ambiri amabwereketsa chipinda cha maola atatu kapena anayi masana pa mtengo wotsika, chotchedwa 钟点房. Mumasamba, mumatchaja foni, ndipo sutikesi imakhala nanu. Boma linalamula mu 2024 kuti mahotela asamakane alendo akunja, komabe ena ang'onoang'ono amakanabe chifukwa sadziwa kulembetsa pasipoti mu kompyuta ya apolisi. Sankhani hotela ya kampani yodziwika, ndipo mufunse kaye ngati amalandira pasipoti yakunja musanalipire. Kwa amene mpata wawo ndi wa usiku, musadalire kugona pa benchi, chifukwa mabwalo ang'onoang'ono ena amatseka ndege yomaliza ikachoka. Makampani ena amapereka hotela yaulere ngati ndege zonse ziwiri zili pa tikiti yawo imodzi, koma uyenera kupempha wekha.

Seputembala ndi nyengo ya anamondwe ku gombe la Fujian ndi Guangdong. Kutatsala masiku atatu yambani kuona zanyengo, ndipo ikani VariFlight pa foni, imene imaonetsa ngati ndege yachedwa kapena yalephereka, nthawi zina zikwangwani za pabwalo zisanasinthe. Namondwe akalengezedwa, musatuluke. Khalani pafupi ndi kauntala kumene akusintha matikiti. Kumbukiraninso kuti matikiti akakhala awiri osiyana, kampani yachiwiri ilibe udindo pa kuchedwa kwa yoyamba. Ndege ya madzulo ikalembedwa kuti yachedwa, bwereranibe pa nthawi imene tawerengera ija, chifukwa kauntala itha kutseka pa nthawi yake yakale ndipo kuchedwa kutha kufupikitsidwa mwadzidzidzi.

Pounika m'China sachita chibwana. Machesi ndi laita saloledwa paliponse, m'manja kapena m'sutikesi. Madzi ndi zakumwa siziloledwa kudutsa, ndipo mafuta odzola a m'chikwama cha m'manja asapitirire mamililita 100 pa botolo. Tulutsani laputopu, pawabanki ndi ambulera muike padera. Botolo lopanda kanthu dutsani nalo, m'kati muli makina a madzi akumwa otentha ndi ofunda. Mukapereka sutikesi pa kauntala, dikirani chapafupi mphindi zisanu, chifukwa akaonamo batire amaitana dzina lanu kuti mukatsegule, ndipo mukapanda kumva imatsala. Bwalo la Jinjiang limagwiritsidwanso ntchito ndi asilikali, choncho musajambule kunja kumene kuli ndege, ndipo akakuuzani kutseka zotchingira mawindo potera kapena ponyamuka, tsekani.

Ndege ya 7:40 idzakufikitsani ku Harbin cha pakati pa usiku, ndipo bwalo la Taiping lili makilomita oposa 30 kuchokera m'tauni. Kumeneko usiku wa Seputembala ndi wozizira kale, ndiye juzi ikhale m'chikwama cha m'manja ngakhale ku Quanzhou mudzakhala mukutuluka thukuta. Lemberani ofesi ya ophunzira akunja nambala ya ndege ndi nthawi yofika, mufunse ngati pali wodzakuchingamirani ndiponso ngati ku hositelo amalandira anthu usiku. Akati ayi, sungitsiranitu chipinda cha usiku umodzi pafupi ndi bwalo mudzapite ku sukulu kutacha.